Kusanzitsa fyuluta

Mwezi wa Okotobala, mitengo ya jakaranda ikachita maluwa ku Johannesburg, misewu imakongola koma ogwira ntchito za m'munda sapeza mpumulo. Timaluwa tija timayoyokera m'madziwe osambiramo a mabwana awo, ndipo wochotsamo ndi iwo.

Mnyamata wina wa ku Ntcheu anali atangotha masabata atatu pa ntchito ku Randburg pamene dziwe la pa nyumbapo linayamba kubiriwira. Madzi obwerera m'dziwe ankatuluka mofooka, ndipo Kreepy Krauly, makina aja amayenda okha pansi akuyamwa zinyalala, anangoti zii pakona. Anathira klorini kawiri, osathandiza. Bwana anamupatsa mpaka Loweruka. Kumudzi kunali ngongole ya basi imene inamubweretsa.

Anaimbira foni malume ake, amene agwira ntchito yotereyi zaka 11.

"Malume, madzi akukana kuyenda."

"Usandiuze za madzi, iwe. Singano ya geji yaloza pati?"

Nzeru yonse ya ntchitoyi yagona pa funso limeneli. Pampu imakoka madzi m'dziwe n'kuwakankhira mu fyuluta, chimgolo chodzaza mchenga. Singano ikatsika, ndiye kuti pampu ili ndi njala: china chatseka njira madzi asanafike, kapena mpweya ukulowera pa mphira wa chivundikiro. Ikakwera kuposa masiku onse, pampu ikukankha koma mchenga watsekeka ndi litsiro. Kufooka kwa madzi n'kumodzi, matenda ndi awiri.

Singano inali pansi. Mnyamatayo anazimitsa pampu, natulutsa kadengu ka m'mphepete mwa dziwe ndi ka m'pampu momwe. Tonse tiwiri tinali titadzaza maluwa owola. Atayatsanso, singano inalumpha n'kupitirira malo ake.

"Eya," anatero malume. "Tsopano umusanzitse."

Mneni ameneyu ngofunika kumuyang'anitsitsa. Chichewa sichisowa mawu a ukhondo: zovala amachapa, mbale amatsuka, thupi amasamba, kumaso amasukusula. Koma palibe ndi limodzi lomwe limene limanena kumene litsiro likulowera. Masiku onse madzi amalowa mu fyuluta kuchokera pamwamba n'kutsika mumchenga, kusiya litsiro m'menemo. Chogwirira cha valavu chikaikidwa pa Backwash, madzi amalowera pansi, n'kutukula mchenga, litsiro n'kutulukira kumwamba kumene linadzera. Chimene chinalowa chikabwerera njira yomweyo, Achewa amati kusanza, ndipo kamphatikiri ka -its- kamaonetsa kuti pali wina wochititsa. Wokonza mndandanda wa mawu atakhala pa desiki akanalemba kuti "kutsuka mobweza", zomwe si zolakwika, koma mawu otere saphunzitsa munthu kanthu. Malumewo sanaphunzirepo za aneni, komabe anasankha mneni wonyamula chithunzi cha makina onse.

Anapitiriza ndi chithunzi chomwecho. Wosanza samuimitsa pakati: pampu iyende mphindi ziwiri kapena zitatu, mpaka madzi a m'kagalasi ka pambali ayere. Akatha kusanza amachukucha m'kamwa: chogwirira chipite pa Rinse kwa theka la mphindi, mchenga ukhazikike, kuti litsiro lotsala lisabwerere m'dziwe. Kenaka chibwerere pa Filter. Chimodzi chokha anachinena mopanda fanizo, ndipo anachibwereza katatu: chogwirira sachitembenuza pampu ikuyenda, chifukwa mphira wa m'kati mwa valavu umang'ambika, ndipo mtengo wake bwana adzaudula pa malipiro.

M'kagalasi munadutsa madzi onga a m'chithaphwi, kenaka otuwa, kenaka oyera. Kreepy Krauly anayambanso kugunda. Malume anamuuza kuti tsopano athire klorini, pampu igone ikuyenda, ndipo asazolowere kusanzitsa tsiku ndi tsiku, pakuti madzi otayikawo amalipiridwa.

Loweruka m'mawa matailosi a pansi pa dziwe ankawerengeka. Bwana anayang'ana, osanena kanthu, nalowa m'nyumba. Mnyamatayo anatenga ukonde wake, chifukwa usiku jakaranda anali atayoyolanso.