Musafulumire Kumanga Nati

Ndimakonza makina osokera, ndipo benchi yanga ili kuseri kwa mashopu ku Limbe, komwe matelala a m'makonde amandipeza mosavuta. Ambiri akamatsitsa mutu wa makina pa njinga ya kabaza amakhala atagamula kale mlandu. "Amisiri, tenishoni yathawa." Ndikayang'ana nati ya pa timbale ta ulusi ndimapeza yamangidwa mpaka pothera, sipuling'i itafinyika moti timphete take tagundana. Pamenepo ndimadziwa kuti munthuyu wachezera nayo, akumanga, akusoka, akumanganso, ulusi n'kumangoduka. Ine ndimayamba ndi kuimasula natiyo kuti sipuling'i ipume, kenaka ndimaisiya mpaka ntchito zina zonse zitatha.

Makina amasoka ndi ulusi wa mbali ziwiri, wina wochokera pamwamba kudzera m'singano, wina wochokera m'bobini pansi. Singano ikabaya nsalu n'kuyamba kubwerera, ulusi wake umafutukuka pang'ono kuseri kwa bowo la singanoyo, kambedza kapansi n'kuukola, n'kuuzungulitsa bobini. Kenaka kamkono kokoka ulusi kamakwera n'kumanga mfundo. Mfundoyo iyenera kubisala pakati pa nsalu, osaoneka pamwamba, osaoneka pansi. Chimene chimaikhazika pamenepo ndi kukokana kwa mbali ziwirizi, ndipo mbali iliyonse mphamvu yake ili m'sipuling'i. Wapamwamba ukakhwepa, kunsi kwa nsalu kumalendewera tizingwe. Ukakungika kwambiri umakokera wapansi kumtunda, msoko n'kuchita makwinya.

Makina ambiri amene ndimagwira ndi a banja limodzi ngakhale mayina pamutu ali osiyana. Kholo lawo ndi Singer 15, mtundu umene unayambika mu 1879. Butterfly ya ku Shanghai ndi anzake ambiri opalasa ndi mapazi anangotengera kapangidwe kake, moti bobini ya wina imalowa mwa mnzake. Mwa apo ndi apo kumabwera Singer yeniyeni yakale, yosiya agogo ake a munthu, yochokera ku fakitale ya ku Clydebank ku Scotland imene inatsekedwa mu 1980. Chitsulo chake n'chabwino kuposa cha masiku ano, zimenezo sindingabise, koma masipuling'i ake ali pamalo omwewo ndipo amafuna dzanja lomwelo.

Sipuling'i imene aliyense amaidziwa ndi ya pa timbale ija. Ndi yotakata kunsi, yosongoka kumutu ngati chigoba cha nkhono, ndipo ntchito yake ndi kukankha timbale tiwiri tachitsulo kuti tipane ulusi. Chimene matelala ambiri sadziwa n'chakuti nati siisintha sipuling'i. Kulimba kwake kunathera kufakitale, m'kunenepa kwa waya, m'kukula kwa timphete ndi m'kuchuluka kwake. Nati imangoifinya pasadakhale. Robert Hooke wa ku England analemba mu 1678 kuti mphamvu imene sipuling'i imabweza imakula molingana ndi mmene mwaifinyira kapena kuikokera. Koma iyi yosongokayi ili ndi khalidwe lake. Timphete tatikulu takunsi n'tofewa, ndiye timayamba ndito kugona. Tikagona, ntchito imatsalira tating'ono takumutu tomwe n'touma. N'chifukwa chake kumayambiriro mumapotokola nati kangapo osamva kusintha kwenikweni, koma chakumapeto mukangoikhudza pang'ono, ulusi phwa! Amene wafika kumeneko wasochera kale, chifukwa makina abwino amasoka nati ili chapakati.

Ndisanaganize za nati ndimadzutsa phazi la makina. Phazi likakwera, kamsomali kobisika m'kati kamakankhira sipuling'i kumbuyo kuti timbale titseguke. Munthu akalowetsa ulusi phazi lili pansi, ulusiwo sufika pakati pa timbale, umangotsetsereka m'mphepete. Amange nati mpaka chala kutupa, palibe chimene wagwira. Ndimachotsanso timbale n'kutitembenuza padzuwa. Ndimapezapo fumbi la chitenje litasakanikirana ndi oilo wakale n'kuuma, kapena dzimbiri lolowa m'dzinja, kapena kamngalande kamene ulusi unakumba pazaka zambiri ukudutsa malo amodzi. Ena oilo wa makina akawathera amathira mafuta ophikira, ndipo amenewo akauma amamata chilichonse. Kadutswa ka ulusi kakang'ono kotsalira pakati pa timbale n'kokwanira kuti sipuling'i ikhale ikukankha pachabe. Parafini pang'ono, kansalu koyera, ndi sandipepa wosalala kwambiri woyalidwa pagalasi zimathetsa milandu yambiri imene inkanamiziridwa tenishoni. Singanonso ndimaichotsa osafunsa. Yobuntha kapena yopindika imadula ulusi, ndipo nambala 14 ya chitenje ndi yunifomu singapirire ulusi wonenepa wa jinzi, umene umafuna 16 kapena 18.

Pansi, pa kesi ya bobini, pali kasipuling'i kaphwatalala ndi kasikuluu kake. Ndimagwira ulusi kumapeto, kesi n'kulendewera. Ikayenderera yokha mpaka pansi ndiye kuti kakhwepa. Ikakana kutsika ngakhale ndigwedeze dzanja ndiye kuti kamangika kwambiri. Iyenera kuima, n'kutsika pang'ono ndikaitsitimula, n'kuimanso. Kasikuluuko ndimangokasuntha pang'onong'ono, ndipo ndimatero manja ali pamwamba pa mbale, chifukwa kakagwera m'fumbi la pakhonde ndiye kapita.

Sipuling'i imene imandidyera nthawi, imenenso matelala ambiri saiwerengera, ndi kawaya kopyapyala kamene kamatuluka m'mbali mwa timbale n'kumagwada ndi kudzuka makina akamasoka. Kunja mumangoona kadzanja kake kokhota, koma m'kati kanapiringizidwa mozungulira tsinde la timbale, ndipo mchira wake unakodwa m'kamng'alu ka tsindelo. Sikafinyidwa ayi, kamapotedwa. Ntchito yake ndi ya kanthawi kochepa kwambiri pa msoko uliwonse. Kamkono kokoka ulusi kakayamba kutsika, kamasiya ulusi wambiri wolendewera singano isanafike pansalu. Kawayaka kamagwira ulusi umenewo kuti ukhale wokungika mpaka bowo la singano lifike pansalu, ndipo pamenepo, osati kale, osati pambuyo, kayenera kuutaya.

Kali ndi zinthu ziwiri zosintha, ndipo anthu amazisokoneza. Pali mphamvu yake, ndipo pali mtunda umene kamayenda. Mphamvu ndimaisintha pomasula kasikuluu kogwira tsinde, n'kuzungulitsa tsindelo pang'ono ndi sikuludiraiva, chala cha dzanja linalo chili pa kawayako. Sindiyang'ana, ndimamva. Ndikakakankha ndi nsonga ya chala n'kukasiya, kayenera kubwerera kokha mwachangu, kuti tsa! pa kachitsulo koimirapo. Kakabwerera mwaulesi ndimawonjezera. Kakandibaya chala ndimabweza. Mtunda ndimausintha posuntha kachitsulo koimirapoko. Ndikatero ndimaika nsalu, n'kutsitsa phazi, n'kuzungulitsa gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono, nkhope ili pafupi ndi singano moti mpweya wanga umagwedeza ulusi. Diso limodzi limatsata bowo la singano likutsika, lina lili pa kawaya. Ndimafuna kuti kawayako kakhale pansi pa nthawi yomweyo imene bowo lakhudza nsalu.

Kakataya msanga, ulusi umatsogola kupindika pansi pa singano, singano n'kuubaya kapena kuukulunga kunsonga, ndipo mumauona ukunyotsoka usanaduke. Kakachedwa kutaya, kamakhala kakukokabe singano italowa kale, mpata uja wa kuseri kwa bowo n'kuchepa, kambedza n'kuphonya. Makina amalumpha. Telala akaona kulumpha amathamangira nati yaikulu ija n'kuimanga, ndipo apa ndi pamene ulusi umayamba kuduka, vuto limodzi n'kubala lachiwiri. Mayi wina wosoka madiresi a ukwati anandiuza kuti makina ake alodzedwa, chifukwa pa chitenje ankasoka bwino koma pa satini ankakana. Ndinati, "Mayi, tayandikirani muone kawaya aka." Kanali kokungika ndi mphamvu ya munthu wosoka matenti. Chitenje chinkapirira, satini ayi.

Sipuling'i yaitali ya phazi ili m'kati mwa mutu, ndipo imasinthidwa ndi sikuluu ya pamwamba imene imagwirika ndi zala. Wochepetsa majinzi a kaunjika amafuna phazi lolemera kuti mano a makina akoke nsalu pamphuno yokhuthala ija. Wosoka nsalu zopyapyala akasiya mphamvu yomweyo, mano amadinda nsalu, ndipo yapansi imathamanga kusiya yapamwamba. Phazi likapepuka kwambiri nsalu imadzuka pamodzi ndi singano, makina n'kulumphanso. Kulumpha kumeneku kumafanana ndi kwa kawaya kaja, koma gwero lake ndi lina, ndipo mmisiri amadyera pa kusiyanitsa ziwirizi.

Tsopano zimene anthu amachita ndi masipuling'i akatopa nawo. Wina amaitulutsa n'kuikoka ndi manja kuti italike, akuti ibwerere mphamvu. Imaonekadi ngati yachira tsiku limenelo, koma waya wapitirira malire ake, timphete tatalikirana mosiyana, ndipo ikakhala sabata imafwamphuka kuposa poyamba. Lamulo la Hooke lija limathera pomwe chitsulo chaleka kubwerera mwakale. Wina amaidula timphete tiwiri poganiza kuti ifewa, osadziwa kuti sipuling'i ikachepa timphete imauma. Wina amaiwotcha pa kandulo kuti aipinde bwino. Waya wa sipuling'i ndi chitsulo cholimbitsidwa mwadala, ndipo moto ukachifiiritsa chimasanduka waya wamba womangira mpanda. Ndiye pali anyamata amene anagula sikuludiraiva dzulo lero ndi amisiri, amene amaikamo iliyonse yolowa, ya m'bolopeni, ya m'loko, ya pa njinga yamoto. Kulowa si nkhani. Kunenepa kwa waya kumalamula mphamvu moposa mmene diso lingaganizire: waya akanenepa kawiri, zina zonse zili chimodzimodzi, sipuling'i imalimba ka 16. Kusiyana kumene simungakuone popanda choyezera n'kokwanira kuti nati isowe pokhala. Sipuling'i yotopa, yochita dzimbiri kapena yopindika mankhwala ake ndi kugula ina ya mtundu womwewo, ndipo m'makina onse ndi chimodzi mwa zitsulo zotchipa kwambiri.

Makina a magetsi a m'mashopu akuluakulu ndi nkhani yomweyo koma yothamanga. Juki DDL-8700 imatha kubaya nsalu ka 5,500 pa mphindi imodzi, ndipo pa kubaya kulikonse kawaya kaja kamagwada n'kudzuka. Chitsulo chopindidwapindidwa chonchi chimatopa m'kati osaonetsa, tsiku lina n'kungothyoka pakhosi. Kwa amene amasoka mayunifomu ambiri sukulu zikamayandikira kutsegulira, ndimawauza kuti asunge kena m'kabati, chifukwa kamathyoka pa nthawi ya ntchito, osati makina ali chigonere.

Zonsezi zikatha ndi pamene ndimabwerera ku nati. Ndimaika ulusi wofiira pamwamba, woyera pansi, ndipo ndimasoka pansalu yoyera yopinda pawiri kuti wolakwa aonekere. Timadontho tofiira tikaoneka kunsi ndimamanga pang'ono, n'kusokanso. Sindisintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, chifukwa zikayenda sindingadziwe chimene chathandiza. Msoko ukaoneka bwino ndimagwira nsalu mbali zonse n'kuikoka mopingasa mpaka ulusi uduke. Ukaduka wa mbali imodzi yokha, imeneyo ndiyo yakungika kuposa inzake, ndipo ndimaikhwefula. Maso amanamizika ndi msoko wokongola, koma kukoka kumaulula.

Mwini makina ndimamuuziratu kuti pobwera kudzatenga abweretse ulusi wake ndi kadutswa ka nsalu imene akusoka sabata imeneyo. Ulusi wina wotchipa umanenepa apa n'kuwonda apo, ndipo palibe sipuling'i imene ingaulondole. Ndi bwino aone yekha ndi maso ake kusiyana n'kuti adzabwere mawa akunena kuti amisiri anangodya ndalama. Ndimakweza mutu pa tebulo langa, n'kukoleka lamba, n'kumupatsa mpando. "Achimwene, tapalasani mmene mumapalasira kwanu." Ena amapalasa mofatsa, ena ngati akuthawa mvula, ndipo kawaya kamene kamakwanitsa ndikamazungulitsa ndi dzanja kangathe kutsalira phazi la mwini likathamanga. Iye akusoka, ine ndimagwada m'mbali ndi sikuludiraiva yaing'ono, ndipo kusintha komaliza ndimakuchita pa liwiro lakelo.