Timapiritsi toyera ta mphumu: tabwino kwa masiku asanu, osati chaka chonse

Amayi anzanga, kuzizira kwa Juni kukangoyamba, ife anamwino timadziwiratu kuti usiku tizilandira anthu a mphumu. Wina amabwera atamugwirira mbali zonse, mapewa akukwera ndi kutsika, m'chifuwa mukulira ngati muli kamwana ka mphaka. Tikafunsa kuti kunyumba akumwa chiyani, ambiri amamasula pansonga ya chitenje n'kutionetsa timapiritsi toyera ting'onoting'ono. Dzina lake ndi prednisolone. Ndikufuna tikambirane za timapiritsi timeneti, chifukwa ndationa tikupulumutsa anthu, ndationanso tikuwononga anthu.

Poyamba mudziwe chimene chimachitika m'chifuwa cha munthu wa mphumu. Mpweya umalowa m'mapapo kudzera m'tinjira ting'onoting'ono. Mwa munthu wa mphumu, m'kati mwa tinjirati mumakhala motupa ngakhale tsiku limene akuoneka bwinobwino ndipo akulima kumunda. Kukabwera utsi wa nkhuni, fumbi la posesa kapena la m'chigafa cha fodya, kapena mphepo yozizira, kutupako kumakula, makhololo amachuluka, timinofu tozungulira tinjirati timafinya. Apo m'pamene munthu amabanika. Ndiye mavuto alipo awiri: kufinya ndi kutupa. Salbutamol, inhela ija nthawi zambiri imakhala yabuluu, amamasula kufinyako pa mphindi zochepa, koma pakatha maola pafupifupi anayi mphamvu yake yatha, ndipo kutupa kuja sanakukhudze n'komwe. Ntchito yochotsa kutupa ndi ya prednisolone ndi anzake a gulu lotchedwa ma steroid.

N'chifukwa chake munthu akabwera atabanika kwambiri timamupatsa zonse ziwiri. Wamkulu kawirikawiri amapatsidwa 40 mg patsiku kwa masiku asanu. Piritsi limodzi ndi 5 mg, ndiye amamwa asanu ndi atatu nthawi imodzi, m'mawa atadya kanthu. Ena amachita mantha n'kumamwa awiri m'mawa, awiri madzulo, poganiza kuti namwino walakwitsa powerenga. Sanalakwitse ayi, imwani monga mwauzidwira. Mwana mlingo wake timauwerengera potengera sikelo yake, choncho musamugawire mapiritsi a bambo ake. Agogo amene mapapo awo anaonongeka ndi fodya kapena utsi wa m'khitchini wa zaka zambiri, matenda amene timati COPD, nawonso amapatsidwa kwa masiku asanu chifuwa chikawavuta mwadzidzidzi. Akamwedwa motero, mankhwalawa ndi abwino zedi. Akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira m'ma 1950, ndipo ine sindingafune kugwira ntchito usiku pachipatala pomwe palibe prednisolone.

Vuto limayamba tsiku lachisanu ndi chimodzi. Munthu waona kuti timapiritsi tija tamuthandiza, wagona tulo koyamba patapita sabata, chilakolako cha chakudya chabwerera. Akaganiza za mtunda wopita kuchipatala, ndalama ya kabaza ndi mzere wautali, amangosunga kapepala kaja n'kumakagula yekha. Sindimuweruza, mtundawo ndimaudziwa. Koma limodzi patsiku, limodzi patsiku, miyezi imatha.

Ndikukumbukira mayi wina wogulitsa mandasi amene anakhala akumwa motero pafupifupi chaka. Anthu kwawo ankamuyamikira kuti geni ikuyenda, wanenepa. Nkhope inali itazungulira ngati mwezi, mimba yakula, kumbuyo kwa khosi kwatuluka linunda, koma miyendo ndi manja zinali zowonda, ndipo ankavutika kudzuka akakhala pamphasa. Chimene chinamubweretsa si mphumu, koma chilonda chapamwendo chimene sichinkapola. Titamuyeza, shuga anali atakwera, BP nayonso. Kumene kuja sikunali kunenepa kwa mtendere. Prednisolone akamwedwa nthawi yaitali amakweza shuga ndi BP, amafewetsa mafupa mpaka munthu kuthyoka atangoterereka pang'ono, amabweretsa ng'ala m'maso, amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba makamaka akaphatikizidwa ndi Brufen, ndipo mwana amamuchedwetsa kukula. Chimene chimandiopsa kwambiri kwathu kuno n'chakuti amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndiye TB imene inangogona m'mapapo imapeza mpata wodzuka. Munthu amapitiriza kumwa poganiza kuti ndi mphumu yomwe ija, pamene chifuwa chasanduka china. Ngati mwatsokomola milungu iwiri, mukutuluka thukuta usiku kapena mukuwonda, kayezetseni makhololo musanamwe chilichonse.

Ndipo inu atsikana amene mumamwa prednisolone kapena dexamethasone dala kuti thupi libwere, zomwe ndafotokozazi ndi zanunso.

Nanga munthu wa mphumu yobwerabwera achite chiyani? Pali mankhwala a gulu lomweli amene samezedwa koma amapumidwa. Odziwika kwambiri kwathu kuno ndi beclometasone, inhela imene nthawi zambiri imakhala yabulauni, ngakhale ndi bwino kuwerenga dzina osangodalira mtundu. Kupopera kamodzi kumatulutsa mankhwala ochepetsetsa, kawirikawiri 100 micrograms, pomwe piritsi limodzi lija lili ndi 5,000 micrograms. Komanso amapita molunjika pamene pali kutupa, osazungulira thupi lonse. Iyi ndiyo inhela yoti munthu azigwiritsa ntchito tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, kwa miyezi kapena zaka.

Koma anthu saikonda, ndipo ndimamvetsa chifukwa chake. Ukapopera sumva kanthu. Yabuluu ija ukapopera umamva chifuwa chikutseguka pomwepo, ndiye anthu amati yabuluu ndiye yamphamvu, yabulauni ndi yabodza. Yabulauni imagwira mwakachetechete, ndipo pamatenga milungu ingapo kuti muone kusintha. Mudzangozindikira kuti mwana wagona usiku wonse osatsokomola, kapena kuti yabuluu ija yatha mwezi osaikhudza. Apo musasiye. Kupeza bwinoko ndi umboni woti ikugwira, osati woti mphumu yatha. Za kuchepetsa mlingo mukambirane ndi adokotala.

Ena amati ukangoyamba inhela ndiye kuti wafika pomaliza, kapena thupi lizolowera osathanso kukhala popanda iyo. Si zoona. Ine ndimaopa kwambiri mwana amene akumwa mapiritsi mwezi ndi mwezi kuposa amene akupopera yabulauni tsiku lililonse. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, inunso musaisiye: mayi akabanika, mwana m'mimba naye amasowa mpweya. Chofunika n'chakuti mukatha kupopera muchukuche m'kamwa ndi madzi n'kulavula, kuopa zoyerayera zija zimamera palilime ndi kusasa mawu.

Mankhwala ambiri amathera m'kamwa chifukwa chosadziwa kapoperedwe. Botolo lapulasitiki la 500 ml limathandiza kwambiri, ndipo madokotala a ana ku Cape Town anaonetsa kalekale kuti limagwira ntchito mofanana ndi chipangizo chogula. Mumaboola kunsi kwake bowo lokwanira kukamwa kwa inhela mothina bwino, wodwala n'kuika milomo kukamwa kwa botolo. Khutchumulani inhela, poperani kamodzi, apume bwinobwino kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kenako mubwereze ngati anauzidwa kupopera kawiri. Mwana wamng'ono amene sangathe kugwira botolo ndi milomo, bwerani naye tikuonetseni njira yake.

Ndikudziwa kuti nthawi zina mumapita kuchipatala n'kuuzidwa kuti yabulauni yatha. Zimatipweteka nafenso. Funsanibe, itchuleni dzina, pemphani kuti akulembereni m'buku lanu la kuchipatala kuti mukaifune kwina. Ndipo munthu akabanika mpaka kulephera kumaliza mawu, milomo ikasintha mtundu, kapena mwana akalephera kuyamwa nthiti zikulowa m'kati, yabulauni si ya nthawi imeneyo. Mupopereni yabuluu, nyamukani pomwepo ngakhale pakati pa usiku.

Tsopano inu amene mwawerenga izi timapiritsi tili m'chikwama, ndipo mwakhala mukumwa kupitirira milungu itatu: chonde musasiye lero. Pamwamba pa impso pali tiziwalo tiwiri timene timapanga mankhwala achilengedwe ofanana ndi prednisolone. Munthu akamwa mapiritsi nthawi yaitali, tiziwalo timeneti timagona. Mukasiya mwadzidzidzi thupi limatsala lopanda kanthu: kufooka, kusanza, chizungulire, BP kutsika, ena mpaka kukomoka. Tengani mapiritsi otsalawo pamodzi ndi buku lanu, bwerani mudzatiuze zoona, mwamwa angati patsiku komanso kuyambira liti. Tikuyezani shuga ndi BP, kenako adokotala akulemberani mmene muzichepetsera pang'onopang'ono mpaka tiziwalo tija titadzuka.