Zithunzi 36 m'zigafa za ku Kasungu

Mukachoka pa boma la Kasungu kulowera ku Mtunthama, komwe Kamuzu adatsegula sukulu yake ya Academy mu 1981, dziko ndi lathyathyathya moti phiri la Kasungu limakuperekezani kumbuyo kwa mtunda wautali. M'mwezi wa Malichi zigafa za m'mbali mwa msewu zimakhala zitadzaza fodya wa bale, wina akadali wobiriwira, wina atayamba kufiira.

Dera limeneli lidali munda wa akameramani a panjinga. Fodya akagulitsidwa, iwo ankazungulira m'maesiteti kujambula matenanti atavala zatsopano, wailesi ili m'manja. Munthu ankapereka theka la ndalama, n'kudikira milungu ingapo kuti filimu idzadze ndi kukatsukidwa kutauni. Zithunzi zija zikadali m'masutikesi ambiri, pomwe za m'foni zimapita limodzi ndi foniyo.

Chaka chino ndidayendako ndi kamera yakale ya Pentax ndi filimu imodzi ya Kodak, ya zithunzi 36. Ukakhala ndi 36 zokha, chala sichithamanga. Umayamba wayang'ana komwe kuwala kukuchokera. Dzuwa la masana kuno ndi lankhanza: limayeretsa mchenga n'kudetsa nkhope pansi pa chipewa. Nthawi yabwino ndi m'mawa mame asanaume, kuwala kukamalowa chammbali n'kuwalitsa masamba opachikidwa ngati nyali. M'kati mwa chigafa muli mthunzi, choncho umatsegula diso la kamera kwambiri, kutsamira mzati ndi kugwira mpweya kuti dzanja lisanjenjemere. Filimu imadananso ndi kutentha. Yanga inkayenda yokulungidwa m'chitenje ngati khanda.

Koma chovuta kwenikweni si kuwala ayi. Chiyambire 2019, pomwe dziko la America lidayamba kutsekereza fodya wa ku Malawi pa nkhani yogwiritsa ntchito ana, alimi ena saikhulupirira kamera. Amafuna adziwe komwe chithunzicho chikupita, ndipo ine ndikuti akulondola. Wa foni amangotembenuza n'kuonetsa, koma ine ndidalibe choonetsa. Mayi wina amene ankasoka fodya adayang'ana kumbuyo kwa kamera, napeza chitsulo chokhachokha.

"Ndiye mwatijambuladi, achimwene, kapena mwangotiseweretsa?"

Ndidakhala pansi n'kufotokoza kuti chithunzi chili m'katimo koma chikaona dzuwa chisanatsukidwe chifa, ndipo ndidalonjeza kubwera nacho. Bambo wa pakhomopo adati ana achoke kaye, ndijambule akuluakulu okha. Ndidatero.

Filimuyo idapita ku Johannesburg ndi mlamu wanga woyendetsa thiraki, n'kubwerako patatha miyezi iwiri. Pomwe ndinkabwerera ndi envulopu, zigafa zidali mbee, mabelo atapita kale ku okushoni ya Chinkhoma. Mayi aja adachiyang'ana nthawi yaitali chithunzi chawo, nadandaula kuti mpango udapendekeka, kenako adafunsa ngati ndingawatsukire china choti atumize kwawo ku Mulanje.