Tepi ya Telala Sinama

Ife amene tapitirira zaka 50 timakonda kunena kuti, "Ndimabvala 34," monga pa tsiku la ukwati wathu. Pa salaula timazunguliza ciuno ca buluku m'khosi, nkugula. Kunyumba batani likakana, timanamizira buluku.

Nambala imeneyo ndi mainchi a m'ciuno: 34 ndiwo masentimita 86. Koma mafakitale amasiyana kasokedwe, ndipo ifenso timatsitsa lamba kunsi kwa mimba.

Tibwereke tepi ya telala, tipime pamwamba pang'ono pa mcombo titatulutsa mpweya. Ciuno cikapitirira theka la msinkhu wathu, matenda a shuga ndi a mtima amayandikira. Mimba yaikulu tinali kuicha ulemero, koma ana athu akali kutifuna amoyo.