Ulendo wa ku Kano: M'makola a Akavalo

Mwana wa ku Makanjira, ku Chipoka kapena ku Nkhotakota akhoza kukula mpaka kumera imvi osaonako kavalo ndi maso ake. Za bwato ndi ukonde amazidziwa, ng'ombe ndi mbuzi amazidziwa, bulu wokoka ngolo mwina adamuonako pa ulendo wa ku Dedza, koma kavalo, amene ena amati hatchi, amangomuona pa chithunzi. Ku Kano, mzinda waukulu wa Ahausa kumpoto kwa Nigeria, zinthu nzosiyana. Kumeneko ukhoza kulowa pa khomo la nyumba ya dothi m'kanjira kopapatiza, nkupeza kavalo ataima pabwalo pafupi ndi pamene amayi akusinja, nkhuku zikutola tizakudya pansi pa mimba yake.

Mbiri ya Kano ndi akavalo njakalekale. Nyumba ya mfumu yaikulu, imene amati Gidan Rumfa, idamangidwa ndi Muhammad Rumfa amene adalamulira kuyambira 1463 mpaka 1499, ndipo mafumu a kumeneko ankamenya nkhondo zawo ali pamsana pa akavalo. Nkhondo zija zidatha, koma mwambo udatsala. Pa Idi ziwiri zonse, anthu akatha kuswali pa bwalo la Kofar Mata, mfumu imakwera kavalo nkuyenda mu mzinda, nduna ndi mafumu ang'onoang'ono akutsatira, aliyense ndi gulu lake. Eni ake amati Hawan Sallah, alendo amati Durbar, ndipo chikondwererochi chimatenga masiku anayi. Tsiku lachiwiri okwera amathamangitsa akavalo molunjika pamene pali mfumu, nkuwaimitsa mwadzidzidzi pamaso pake, nkhonya zili m'mwamba. Mu December 2024 bungwe la UNESCO lidalemba mwambowu m'kaundula wa miyambo yofunika kusungidwa pa dziko lapansi.

Ine ndidafika mu January, nyengo yopanda chikondwerero, pamene mphepo ya fumbi yochokera ku chipululu cha Sahara imaphimba dzuwa mpaka kumaoneka ngati mwezi. Ndidafikira kwa bambo wina wogulitsa nsalu pafupi ndi msika wakale wa Kurmi. Iwo ali ndi akavalo awiri amphongo, wina wofiirira wina wotuwa, ndipo amene amawasamala ndi mphwawo, mnyamata wa zaka ngati 17. Zovala zonyezimira zija, zishalo zosokedwa ndi ulusi wa mitundumitundu, zidali zopindidwa m'bokosi. Zimene ndidaona ine ndi tsache, ndowa ndi chikwakwa.

Ntchito imayamba akangochoka ku swala ya m'mamawa. Mnyamata uja sayamba ndi chakudya ayi, amayamba ndi kuyang'ana ndowe. Amaona ngati zachuluka monga mwa masiku onse, ngati zili zofewa bwino, kapena zauma gwa ngati miyala, kapenanso muli nyongolotsi. Kenaka amaona ngati udzu wa usiku watha ndi mmene madzi atsikira mu ndowa. Atsibweni ake adandiuza kuti kavalo amene wasiya chakudya chake ndiye wadwala kale, ngakhale akuoneka wonenepa ndi wosalala. Akatha kusesa amamwetsa madzi, nkupereka udzu, ndipo chakudya cha njere chimabwera pambuyo penipeni.

Poyamba ndidayesa mwambo chabe, koma pali chifukwa chake. Kavalo si ng'ombe. Ng'ombe imameza msipu wambiri nthawi imodzi nkukagona pa mthunzi kumabzikula. Kavalo sabzikula, ndipo chifu chake nchaching'ono poyerekeza ndi thupi lake, chimangolowa malita 8 mpaka 15. Iye adalengedwa kuti azidya pang'onopang'ono pafupifupi tsiku lonse, mutu uli pansi. Choopsa china nchakuti kavalo sasanza. Chimene chalowa chalowa, njira yake ndi imodzi yokha. Tsono mukampatsa beseni lodzaza ndi mapira ali ndi njala, njerezo zimasasa m'matumbo, mpweya nkudzaza, mimba nkuyamba kupota. Matenda a kupota kwa m'mimbawa ndiwo amapha akavalo ambiri oweta, ndipo akhoza kutenga kavalo wamphamvu usiku umodzi wokha. Zizindikiro zake mnyamata uja amazidziwa pamtima: kavalo amapalasa pansi ndi mwendo wakutsogolo, amacheukira m'nthiti mwake kawirikawiri, amagona nkudzuka, nkugonanso, nkumagubuduka, thukuta lili kamukamu. Zikatero amachotsa chakudya chonse, nkumuyendetsa pang'onopang'ono, wina atathamangira dokotala wa ziweto. Kudikira kuti kuche ndiye kukumba dzenje.

Chakudya chenicheni cha kavalo ndi udzu. Kavalo wolemera makilogalamu 350 amafuna udzu wouma wokwana makilogalamu 6 kapena 7 pa tsiku. Mvula ku Kano imagwa kuyambira June mpaka September basi, motero miyezi yotsalayo amadalira zouma. Apa mpamene ndidachita manyazi ndi kwathu. Masamba ndi mitengo ya mtedza ndi ya khobwe, zimene ife tikakolola timazisiya m'munda kapena kuzitentha, kumeneko amazimanga m'mitolo, nkuziika pa denga kapena pa mphanda za mtengo, ndipo zimagulitsidwa pa msika ndi ndalama zabwino. Amazitcha harawa. Pamwamba pa izi amawonjezera madeya ndi mapira pang'ono, kawiri kapena katatu pa tsiku. Mapira m'Chihausa amati dawa, ndipo tsiku loyamba nditamva kuti mnyamata wapita kukagula dawa ya akavalo ndidadabwa kuti kodi nawonso amalalikidwa.

Njere zimenezi amazipeta ndi kuzinunkhiza asadapereke. Chimanga cha chuku, chimene ena kwathu amaponyera nkhuku kapena kuphikira mowa, kwa kavalo ndi chiphe. Chukucho chimaononga bongo, kavalo nkuyamba kuyenda mozungulira ngati woledzera, ndipo kawirikawiri sachira. Chakudya sachithira pa mchenga, amachiika m'chomwera chathabwa kapena m'beseni, chifukwa mchenga womezedwa pang'onopang'ono umaunjikana m'matumbo mpaka kutseka njira. Mukasintha chakudya, monga pochoka ku udzu wouma kupita ku msipu wauwisi mvula ikagwa, amati muzisakaniza kwa sabata yathunthu kapena kupitirira, osati kusintha tsiku limodzi.

Madzi ndiye ntchito yothyola msana. Kavalo mmodzi amamwa malita 25 mpaka 40 pa tsiku, ndipo m'miyezi ya March, April ndi May, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, amamwa koposa apo. M'dera limene tidakhalamo madzi amagula kwa anyamata okankha zigubu pa ngolo, choncho ndowa iliyonse ndi ndalama. Nthawi zina amasungunuliramo kanwa, mchere wa m'nthaka wofanana ndi chidulo chathu chophikira therere. Ahausa amaukhulupirira kwambiri, amati umatsuka m'mimba. Kuti kavalo wotuluka thukuta amafuna mchere nzoona ndithu. Koma kuti kanwa imapha nyongolotsi, pamenepo ine sindikuvomereza, ndipo bambo aja nawonso amagula mankhwala a nyongolotsi kwa dokotala wa ziweto, kanwa ili apo.

Dzuwa likakwera pang'ono, mnyamata amapesa kavalo thupi lonse ndi burashi, manja akufufuza nkhupakupa m'makutu, pansi pa mchira ndi pakati pa miyendo. Kenaka amanyamula mwendo umodziumodzi nkukolokosa chiboda ndi kachitsulo kopindika. Ntchito imeneyi siitenga mphindi zisanu, koma ndiyo imasunga kavalo. Kamwala kapena msomali wobisala m'chiboda umabweretsa mafinya, ndipo chiboda choima m'matope a mkodzo chimaola nkumanunkha. Chiboda chimakula ngati chikhadabo, choncho pakatha masabata 6 mpaka 8 amaitana mmisiri kudzachisenga. Akavalo ambiri amene ndidawaona adalibe zitsulo za kumapazi. Pa dothi zimenezi zilibe vuto, koma misewu yambiri ya mu mzinda tsopano ndi ya phula, ndipo phula limadya chiboda msanga.

Bala lililonse, ngakhale laling'ono, amalitsuka ndi madzi a mchere tsiku lomwelo. Mwa ziweto zonse, kavalo ndiye sachedwa kugwidwa ndi kafumbata, matenda omwe aja amene amayi oyembekezera amabayitsira katemera ku sikelo. Tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timalowera pa bala lakuya. Katemera wa akavalo alipo, ndipo mtengo wake sungafanane ndi mtengo wa kavalo.

Si zonse zimene zidandikomera. Kavalo wa ku Kano amakhala womangidwa mwendo ku chikhomo chimene amati turke. Chingwe chikakhala cha nayiloni chimadya khungu pamwamba pa chiboda, ndipo ndidaona akavalo angapo kwa anansi ali ndi zipsera zoyera mozungulira mwendo. Kwa bambo aja amakulunga chingwe ndi nsanza, amasinthanso mwendo, ndipo madzulo aliwonse mnyamata amakwera mmodzi nkukoka mnzake kupita kunja kwa malinga akale a mzinda. Kavalo woima malo amodzi sabata yonse akudya mapira, ndiye tsiku la Idi mumuthamangitse pa dzuwa atasenza chishalo cholemera ndi nsalu zochindikala, mukumuputira matenda. Chitsulo cha m'kamwa chimene amagulitsa pa msika wa Kurmi nachonso nchaukali. Ndicho chimathandiza kuimitsa kavalo mwadzidzidzi pamaso pa mfumu, koma m'manja mwa mwana wosadziwa chimang'amba lilime ndi nkhama. Palinso ena amene amachiza kutupa kwa mwendo potentha khungu ndi chitsulo chamoto. Amati makolo ankatero. Ine ndidaona zipsera zokha, ndipo madokotala a ziweto amaletsa mchitidwewu chifukwa umangowonjezera bala pamwamba pa matenda.

Mwini kavalo wanzeru amadziwa thupi la chiweto chake chili bwino, kuti tsiku la matenda asachite kulota. Kutentha kwa thupi la kavalo wopuma kumakhala madigiri 37.5 mpaka 38.5, ndipo mtima umagunda ka 28 mpaka ka 44 pa mphindi imodzi. Kugundaku amakumva poika zala pansi pa chibwano. Nkhama zikhale zofiirira pang'ono ndi zonyowa. Mano nawo amafuna kuonedwa kamodzi pa chaka, pakuti amaperepeseka mosalingana nkusanduka akuthwa m'mbali. Kavalo amene akugwetsa chakudya chotafunatafuna, kapena akuonda chakudya chilipo, kawirikawiri vuto lili m'kamwa. Wosamalidwa bwino amakhala zaka 25 kapena 30, kutanthauza kuti kavalo wogulidwa mwana ali kumsana akhoza kudzaona ukwati wa mwanayo.

Dzuwa lisadalowe akavalo amalowetsedwa pansi pa denga, ndipo nyengo ya mvula amasonkha moto wa utsi pafupi ndi khola. Apa mdani ndi tizilombo touluka tating'ono kwambiri, tocheperapo kuposa udzudzu, timene timaluma kuyambira chisisira mpaka m'bandakucha. Musatisokoneze ndi nkhungu za pa nyanja yathu, zija siziluma. Timeneti timafalitsa mliri wa akavalo wa mu Africa, umene umadzaza madzi m'mapapo mpaka thovu kutuluka m'mphuno. Ukabwera mwaukali, mwa akavalo 10 ogwidwa 9 akhoza kufa. Mbidzi zimasunga kachilomboka osadwala, abulu nawo amapirira, koma kavalo alibe mwayi umenewo. Mankhwala ochiza kulibe. Chilipo ndi katemera, monga amene amapangidwa ku Onderstepoort pafupi ndi Pretoria, ndipo amabaya chaka chilichonse mvula isadayambe.

Mdani winayo timamudziwa bwino kwathu: ntchentche ya kashembe, imene ambiri tsopano amangoti tsetse. Kano ali kouma, kumene ntchentcheyi siikonda. Ukatsika kumwera, kumene kuli nkhalango, akavalo ankafa msanga, kotero mafumu a ku Oyo ankachita kugula atsopano kuchokera kumpoto nthawi ndi nthawi. Amene adatsimikiza chifukwa chake ndi dokotala David Bruce mu 1895, ku Ubombo m'dziko la Azulu. Iye ankatsitsa akavalo abwinobwino kuchoka pa phiri kupita ku chigwa cha ntchentche, nkubwerera nawo, ndipo patapita masiku ankapeza tizilombo m'magazi mwawo. Bruce yemweyo adabwera ku Nyasaland mu 1912 kudzafufuza matenda a kaodzera. Ntchentche imene imavutitsa anthu ozungulira nkhalango za Nkhotakota, Kasungu, Vwaza ndi Liwonde ndi imodzi mwa zifukwa zimene makolo athu, ngakhale ankachita malonda mpaka ku Kilwa ndi Zanzibar, ankayenda pansi ndi pa madzi, katundu ali pamutu. Akavalo ochepa amene adawetedwa m'dziko lathu adakhazikika m'malo okwera ndi ozizira monga pa phiri la Zomba.

Usiku wina tikumwa tiyi ndidafunsa bambo aja ngati kavalo amabweza ndalama zake. Adaseka, nati nsalu ndizo zimadyetsa akavalo, akavalo sadyetsa munthu. Pa Idi ya nsembe ya 2024, ndiponso pa Idi yotsekera Ramadhani ya 2025, apolisi adaletsa Hawan Sallah chifukwa cha mkangano wa ufumu pakati pa Muhammadu Sanusi II ndi Aminu Ado Bayero. Zishalo sizidatuluke m'bokosi, koma mtengo wa harawa ndi wa mapira sudatsike. Anzawo ena adagulitsa akavalo awo. Iwo adachepetsa mapira, popeza kavalo wosagwira ntchito yolemetsa sawafuna ambiri, koma udzu, madzi ndi katemera sadakhudzeko. Wotuwa uja ndi wokalamba, ali ndi zaka zoposa 20, ndipo sangathenso kuthamanga pamaso pa mfumu. Madeya ake amawaviika m'madzi kuti afewe chifukwa mano adatha, ndipo nyengo ya fumbi ija, usiku kukazizira, mnyamata amamufunditsa thumba lakale la mapira losokedwa pawiri.