Holster yopanda mfuti: ulendo uyambira pa Northmead

Mukaseluka basi pa Northmead, mu Great East Road, miyendo imadziwa kale kopita: ku michopo, ku ma bar, olo kwa anyamata okonza mafoni. Weekend ino selukani masana, dzuwa likali pamutu, mulowe mu maliketi ndi maso ena. Pitirirani ng'oma, njovu zosema ndi vitenge zimene amagula ma tourist. Inu funsani za katoni ya pansi pa thebulo, muja mumasakanikirana makiyi adzimbiri, ma penny a Federation obooka pakati, mabaji ndi malamba ouma. Katundu wakale wa apolisi ndi asilikali sakhala ndi shopu yake ya chikwangwani. Amatuluka mwa apo ndi apo, mudala akamwalira, ana n'kukhuthula trunk yake kuti aikemo mabulangeti.

Chimene tikusaka ndi holster, kachikwama kopachika pa lamba kosungiramo pisitolo. Ku UK ndi ku America kuli anthu amene amasonkhanitsa zimenezi chabe, mfuti ayi, ndipo yakale yeniyeni amailipira bwino. Kuno kwathu holster ya zaka 80 ingathere kwa wosoka nsapato, aidule apange chigamba cha sandasi. Musamukalipire mkuluyo, iye waona chikumba cholimba basi. Ndipo ndiye woyamba kumupatsa moni, chifukwa palibe wina pa maliketi amene angakuuzeni mwamsanga ngati chikumba ndi cha ng'ombe kapena ndi pulasitiki wovala suti.

Mukaipeza, musayambe ndi mtengo. Tsegulani chotsekera chake muyang'ane mkati. Katundu wa boma la Britain ankadindidwa kachizindikiro ka mizere itatu yokumana pamwamba, kooneka ngati phazi la nkhuku, ndipo nthawi zambiri pambali pake pamakhala dzina la fakitale ndi chaka. Ikakhala yachikumba chokhuthala, yabulauni, yotseka ndi kabatani ka brass, mwina inali ya Webley, revolver yolemera ija ya ma officer a nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Imeneyo imayendera limodzi ndi lamba wa Sam Browne, uja wokhala ndi chingwe chodutsa paphewa amene mumaona pa parade. Sam Browne anali munthu weniweni, msilikali wa Britain amene anadulidwa mkono wamanzere ku India mu 1858, ndiye anapanga lamba woti azisolola lupanga ndi dzanja limodzi. Ikakhala yansalu yolimba ngati ya tenti, yakhaki, imeneyo ndi Pattern 1937, ya nkhondo yachiwiri, ndipo munkalowa revolver ya .38. Asilikali ankaipaka mankhwala otchedwa Blanco kuti ioneke bwino pa inspection, n'chifukwa chake ina mukaikanda ndi chikhadabo imatuluka fumbi lobiriwira.

Manje ikakhala ya nayiloni yakuda, yotseka ndi Velcro, imeneyo ni ya ba security ya dzulodzuloli. Olo wogulitsa alumbire pali amake ati "iyi inali ya bodyguard wa Welensky", sekani naye, mugule chitenge, mupite.

Chimene chimandikoka ine pa tizikwama timeneti si chikumba ayi, koma funso lakuti ankavala ndani. Northern Rhodesia Police inakhazikitsidwa mu 1911, ndipo mu 1933 mbali yake ya usilikali inapatuka n'kukhala Northern Rhodesia Regiment. Masiku amenewo pisitolo inali ya officer, ndipo officer anali mzungu. Wapolisi wachikuda ankapatsidwa kabudula wa khaki ndi ndodo, askari ankanyamula .303 paphewa. Ndiye holster inkanena za udindo munthu asanatsegule pakamwa: uyu ndiye wolamula, awa ndiwo othamanga. Yunifomu yomweyo ndiyo inaima kutsogolo kwa anthu a m'migodi ku Luanshya mu 1935, pa sitalaka imene anthu 6 anawomberedwa n'kufa. Mu 1964, miyezi yochepa ufulu usanafike, apolisi ndi asilikali analimbana ndi a mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina ku Chinsali ndi ku Lundazi, ndipo anthu oposa 700 anafa. Mukaigwira holster ya zaka zimenezo, musaione ngati chidole cha mu filimu ya ma cowboy.

Pa Northmead mukapanda kupeza kanthu, ndipo masiku ambiri simudzapeza, tsiku silinatayike. Kwerani basi ya mu town, mukwere Independence Avenue mpaka pa Lusaka National Museum, pafupi ndi Freedom Statue. Pitani m'mwamba muli mbiri ya nthawi ya atsamunda ndi ya kumenyera ufulu. Pa zithunzi zakale musamangoyang'ana nkhope, yang'anani m'chiuno: ndani ali ndi lamba wa paphewa, ndani ali ndi ndodo, ndani alibe olo nsapato. Diso la wosonkhanitsa limaphunzira pamenepo.

Kuchoka apo lowani mu Burma Road kupita ku Kabwata. Mseu umenewu mumaupita daily, koma ndi angati amafunsa kuti Burma yabwera bwanji mu Lusaka? Ndi dzina la kunkhondo. Azigogo athu a mu Northern Rhodesia Regiment anamenya ndi Ataliyana pa Tug Argan, ku Somaliland, mu August 1940, kenako anawoloka nyanja kukamenya ndi a Japan m'nkhalango za ku Burma. Maina a ma barracks athu ndi mapu a ulendo umenewo: Arakan muno mu Lusaka, Tug Argan ku Ndola, Chindwin ndi Kohima ku Kabwe, Gondar ku Chipata. Pa Kabwata Cultural Village, m'tinyumba tozungulira tija timene atsamunda anamangira antchito achikuda, mupeza osema ndi ogulitsa ma curio. Afunseni mwaulemu za zinthu zakale, iwo amadziwana. Mseu womwewo ukupititsani cha ku Woodlands, koma mukafika pafupi ndi Arakan Barracks foni ikhale m'thumba. Pa geti ya asilikali si pojambulira selfie.

Ku Kabulonga kuli maliketi ya pa Dutch Reformed Church, Loweruka lomaliza la mwezi. Kumeneko nyamulani ndalama ndi mtima wolimba, mitengo ni ya ma yadi.

Chelstone ili ndi nkhani ina. Kumeneko kuli nyumba imene ankakhala Oliver Tambo, mtsogoleri wa ANC, imene inatsegulidwa ngati malo a mbiri mu 2017. Zaka za m'ma 1970 ndi 1980 Lusaka inali kwawo kwa omenyera ufulu a ANC, ZAPU ndi SWAPO, ndipo nkhondo yawo inkafika mpaka m'misewu yathu: mu April 1979 asilikali a Rhodesia anaphwanya nyumba ya Joshua Nkomo pafupi ndi State House. Zida za magulu amenewa zambiri zinkachokera ku Soviet Union. Ndiye mukaona holster yaing'ono yokhala ndi kathumba pambali koikamo magazine ina, mwina ndi ya Makarov kapena Tokarev, ndipo nkhani yake si ya atsamunda ayi.

Apa mvetserani bwino, anyamata, chifukwa m'pamene masewera angathere mu cell. Holster yopanda kanthu si mfuti, koma wapolisi amene wakuimitsani usiku pa Northmead sadzayamba ndi kufunsa chaka cha fakitale. Adzafunsa kuti mfuti yake ili kuti. Musaivale m'chiuno, olo pa music video, olo pa TikTok. Inyamuleni m'chola, kunyumba ikhale m'kabati. Lamulo limaletsa munthu wamba kuvala yunifomu ya asilikali kapena ya apolisi, ndipo a Zambia Army akhala akuchenjeza kambirimbiri za ma combat a mu salaula. Katundu amene apolisi ndi asilikali akugwiritsa ntchito lero ndi wa boma, wina akakutsatsani mukaneni. Chinanso, pisani m'tithumba tonse musanalipire. Pa Firearms Act, Cap 110, chipolopolo chimafuna laisensi monga mfuti. Mukapeza chipolopolo olo chimodzi, kapena mfuti yadzimbiri pansi pa trunk ya agogo, musaziyese, musazitaye mu pit latrine, kauzeni apolisi abwere atenge.

Kusamala kwake sikudya ndalama. Cooking oil ayi, imanunkha ndi kuitana mphemvu. Polishi yakuda ayi, imabisa zidindo ndi kupha mtengo. Pukutani ndi kansalu kouma, pakani dubbin pang'ono chabe pachikumba, ndipo yansalu ija musaichape ndi Boom. Nthawi ya mvula musaitsekere mu pulasitiki, imachita nkhungu. Muikemo nyuzipepala mkati kuti isaphwatalale, olo tsamba lino mukamaliza kuwerenga.

Ndipo musanapite kukasaka za eni ake, yambani ndi trunk ya kwanu. Ku Chelstone, ku Kabwata, ku Matero, mabanja ambiri ali ndi agogo amene anapita ku Burma kapena amene anaphunzira upolisi ku Lilayi. Wogula akabwera ndi ka K200 ati "ni chikumba chabe, mbuya", muuzeni abwere mailo. Khalani pansi ndi ambuya akali moyo, mufunse dzina lonse la mwini wake, nambala yake ya ntchito ndi kumene anatumikira. Lembani pa kapepala, mupinde, muike mkati mmene munkakhala mfuti.