Mphwanga, musadikire fodya



Uthenga wako wonena za mayi ako, mlongo wanga, wandipeza. Wati akubanika akangokwera kamtunda kochokera kudimba, akugonera mbali imodzi yokha, ndipo usiku thukuta likuchita kunyowetsa chitenje. Watinso makhololo anayezedwa ku chipatala cha Chisepo osapezeka kanthu, ndiye mwagwirizana zodikira kuti fodya agulidwe kaye. Ayi mphwanga, musatero.

Zimene wanenazi zikuoneka ngati madzi m'chifuwa. Mapapo ndi okutidwa ndi kathumba kopyapyala. Madzi akadzaza m'menemo amapanikiza phapo mpaka munthu kusowa mpweya. Kwathu kuno gwero lake kawirikawiri ndi chifuwa chachikulu (TB), makamaka kwa amene ali ndi HIV, ndipo TB ya m'kathumbako nthawi zambiri siioneka m'makhololo. Pena chimakhala chibayo chimene chachita mafinya, mtima wofooka, impso kapena khansa.

Kapemphe kalata yokutumizani ku chipatala cha boma ku Dowa. Adokotala adzagogoda pamsana ndi zala: mbali yabwino imalira ngati ng'oma, ya madzi imangoti thi. Akajambula X-ray kapena sikani, amalowetsa singano pakati pa nthiti n'kukoka madziwo. Apa ndi pamene achibale ambiri amathawitsa wodwala, ati singanoyo imapha. Iwe usachite mantha. Amayamba abaya mankhwala a dzanzi, ndipo sachotsa madzi onse nthawi imodzi, kawirikawiri sapyola malita 1.5. Madziwo ndiwo amaulula matenda. Achikasu nthawi zambiri amaloza ku TB, amagazi amawachititsa kufufuza khansa, mwina ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Akakhala mafinya amaika chubu chotsikira m'botolo. Botolo limenelo lizikhala m'munsi mwa chifuwa nthawi zonse, ngakhale powaperekeza kuchimbudzi, kuti zoipazo zisabwerere.

Ikakhala TB, mankhwala ndi aulere, a miyezi 6. Mkodzo udzafiira, usadabwe, ndi mankhwalawo. Vuto la mayi ako ndikulidziwa: akangopeza bwino adzafuna kusiya. Uziwamwetsa wekha m'mawa uliwonse. Avomerenso kuyezetsa HIV, ndipo adzukulu amene amagona nawo m'nyumba akaonedwe, makamaka osakwana zaka 5.

Ndamva kuti azakhali ako akukamba za mphini. Uwauze mwaulemu kuti lumo limathera pakhungu, madziwo ali mkati mwa nthiti.

Ndalama ya njinga yamoto ndatumiza pafoni pako. Nyamukani Lolemba m'mamawa, buku la kuchipatala musaliiwale.

Ndine malume ako.